Amene Anagula Nthochi Anagula Pepala

Pa 20 Novembala 2024, kampani ya Sotheby's inagulitsa pa okishoni mumzinda wa New York nthochi imodzi yomatidwa pakhoma ndi tepi yotuwa, ndipo mtengo wake unafika madola 6.2 miliyoni a ku America. Nthochiyo inali itagulidwa tsiku lomwelo kwa bambo wina wogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu pafupi ndi nyumba ya okishoniyo, pamtengo wosafika ngakhale theka la dola imodzi. Amene anaposa anzake potchula mtengo, Justin Sun, yemwe amachita malonda a ndalama za pa intaneti, anamatula nthochi pakhoma patapita masiku owerengeka mumzinda wa Hong Kong, n'kuisenda, n'kuidya atolankhani akuona, koma chuma chake sichinachepe ndi tambala imodzi yomwe. Chimene iye analipira ndi chiphaso chosainidwa ndi Maurizio Cattelan, waluso wa ku Italy, pamodzi ndi malangizo ofotokoza mmene nthochi iyenera kumatidwira pakhoma komanso nthawi yoichotsa ikayamba kuda kuti amatepo ina. Mwini chiphaso ali ndi ufulu wogula nthochi iliyonse pamsika uliwonse, kuimata pakhoma lake, ndi kuitcha Comedian, lomwe ndi dzina la ntchitoyo, kutanthauza wanthabwala. Inu kapena ine tikachita zomwezo, yathu ingokhala nthochi yomatidwa pakhoma basi.

Anthu ambiri anaseka, ena anakwiya, ndipo mawu amene anamveka kwambiri anali akuti ngakhale mwana wa sitandade 1 akhoza kuchita zimenezo. Ine ndinakwiya nawo, koma ndikuona kuti mkwiyo wathu tinaulozetsa polakwika. Kuphweka si mlandu wa nthochiyi, chifukwa luso lopangidwa ndi malangizo, lomwe lakhalapo kwa zaka zoposa 100, linabadwa dala kuti likhale losavuta, loti munthu aliyense akawerenga mawu ochepa athe kulichita ndi manja ake. Mlandu wake ndi wakuti inatenga njira imene ena anaikonza n'cholinga chogawira luso kwa anthu wamba, n'kuisandutsa chikalata cha umwini chonga cha malo, chimene munthu mmodzi amatsekera m'sefa. Kuti mlanduwu umveke bwino, tiyenera kuona kumene malangizo oterewa anachokera ndi chimene ankapempha kwa munthu wowalandira.

M'chaka cha 1919, Marcel Duchamp, waluso wa ku France amene panthawiyo ankakhala ku Buenos Aires, anafuna kupereka mphatso ya ukwati kwa mlongo wake Suzanne, amene anakwatiwa ndi Jean Crotti ku Paris. Sanatumize chojambula kapena chosema. Anatumiza mawu owauza kuti agule buku la masamu a jometri, alimangirire ndi chingwe pakhonde la nyumba yawo, ndipo alisiye pamenepo kuti mphepo izitsegula masamba, izisankha yokha samu yoti iwerengere, n'kumang'amba mapepalawo pang'onopang'ono. Banjalo linachitadi zimenezo, dzuwa ndi mvula zinamaliza bukulo, ndipo chimene chinatsala ndi chithunzi komanso chojambula chimene Suzanne anapenta pambuyo pake. Pamenepa panalibe wogula, panalibenso chiphaso. Panali munthu mmodzi woganiza, anthu awiri ochita, ndi nyengo imene inalibe woilamula. Chaka chotsatira, Tristan Tzara wa Dada, gulu la aluso onyoza miyambo ya luso, anafalitsa njira yopekera ndakatulo: kutenga nyuzipepala, kudula mawu a nkhani imodzi ndi sizasi, kuwaponya m'thumba, kukhutchumula, kenaka kuwatulutsa limodzilimodzi ndi kuwalemba mmene akutulukira. Kunali kunyoza alakatuli odzimva, koma mkati mwa chitonzocho munali mfundo yoti wowerenga akhoza kukhala wopanga.

Muzu waukulu wa luso limeneli uli mu nyimbo, ndipo apa aliyense amene anaimbapo kwaya sangavutike kumva. Wopeka nyimbo amalemba manotsi papepala, mwina n'kumwalira, koma nyimboyo imadzuka nthawi iliyonse imene oimba aitsegulira pakamwa, ndipo palibe amene amati kwaya yaba chifukwa yaimba zimene wina analemba. Pepala la manotsi ndi malangizo. John Cage wa ku America ndiye anakankhira mfundoyi patali pamene analemba nyimbo ya mphindi 4 ndi masekondi 33 yomuuza woimba kuti asalize kanthu. Pa 29 Ogasiti 1952, ku Woodstock m'chigawo cha New York, David Tudor anakhala pa piyano, n'kumatseka ndi kutsegula chivundikiro chake posonyeza zigawo zitatu za nyimboyo, ndipo chimene anthu anamva chinali mphepo m'mitengo, madontho a mvula padenga, ndi kung'ung'udza kwa iwo eni. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, Cage ankaphunzitsa pasukulu ya New School for Social Research mumzinda wa New York, ndipo m'kalasi mwake munkakhala anthu monga Allan Kaprow, Dick Higgins ndi George Brecht, amene ambiri mwa iwo sanali oimba enieni. Brecht anali katswiri wa zamankhwala wogwira ntchito m'makampani, ndipo mwina n'chifukwa chake malangizo ake anali aafupi ngati a m'labotale. Anayamba kulemba timakhadi ta mizere iwiri kapena itatu. Kamodzi mwa ito, kotchedwa Drip Music, kamangonena kuti pakhale pochokera madzi odontha ndi chotengera chopanda kanthu, ziikidwe mwakuti madziwo azigwera m'chotengeracho. Amene anatcherapo beseni pansi pa denga lodontha usiku wa mvula akudziwa kale kuti liwu la dontho limasintha beseni likamadzaza. Brecht sanapeke liwulo, anangotiuza kuti tilimvetsere.

Mu 1960, wopeka nyimbo wa ku America La Monte Young analemba langizo la chiganizo chimodzi, louza munthu kuti ajambule mzere woongoka ndi kuutsatira. Mu Seputembala 1962, pa chikondwerero choyamba cha Fluxus, gulu la aluso a m'mayiko osiyanasiyana okonda malangizo oterewa, chimene George Maciunas anakonza ku Wiesbaden m'dziko la Germany, Nam June Paik wa ku Korea anaviika mutu wake m'mbale ya inki yosakaniza ndi madzi a tomato, n'kukwawa chafutambuyo akukhukhuza mutuwo papepala lalitali loyala pansi. Mzere unajambulidwa, ndipo anautsatiradi, koma palibe chilichonse m'mawu a Young chimene chinatchula mutu, inki kapena kukwawa. Apa ndi pamene pagona mphamvu ya langizo labwino: limanena zochepa mokwanira kuti wochita akakamizike kuikapo nzeru zake, ndipo zotsatira zake zimadabwitsa ngakhale wolemba. Chaka chomwecho ku London, Alison Knowles anaika pa pulogalamu ya nyimbo langizo lakuti pangani saladi, ndipo anthu amene anabwera kudzamvera zoimba anamva mipeni ikudula ndiwo zamasamba, kenaka anapatsidwa saladiyo kuti adye. Mu 2008 langizo lomwelo linachitikanso ku Tate Modern, nyumba ya zaluso ya ku London, ndipo saladi yake inali yochuluka moti anaisakaniza pa lona lalikulu.

Yoko Ono, amene ambiri amamudziwa ngati mkazi wa John Lennon chabe, ndiye anachotseratu chojambula n'kusiya mawu okha. Mu 1961, pa chionetsero chake m'kanyumba ka zaluso ka Maciunas ku New York, anayala pansi kansalu kojambulapo n'kupempha alendo kuti akaponde. Mu 1962, ku Sogetsu Art Center mumzinda wa Tokyo, anapachika pakhoma mapepala a malangizo okhaokha popanda chojambula chilichonse, kuti woonerera amalize ntchitoyo m'mutu mwake. Mu 1964 anasonkhanitsa malangizo ake m'buku lotchedwa Grapefruit, lomwe poyamba anasindikiza makope 500 okha. Ena mwa malangizowo ndi otheka kuchita, ena ndi osatheka dala, ndipo ndikuvomereza kuti ena ndi opepuka moti munthu wokhwima maganizo akhoza kuwaponya pambali. Komabe buku ndi chinthu chimene munthu amabwereka, amakopera, amawerengera mnzake, ndipo palibe tsamba lake limene limafunsa ngati wowerenga ali ndi chilolezo.

Kwa onse onena kuti mwana akhoza kuchita zimenezi, yankho langa ndi lowapempha kuti ayambe achita, chifukwa luso la mtunduwu siliweruzidwa ndi maso a munthu woima patali. Mu 1963, Lygia Clark wa ku Brazil anapereka langizo lotchedwa Caminhando, mawu a Chipwitikizi otanthauza kuyenda. Munthu amatenga pepala lalitali lopyapyala ngati lamba, amapotoza nsonga imodzi kamodzi, n'kumata nsonga ziwirizo kuti likhale mkombero. Kenaka amaboola pakati ndi nsonga ya sizasi n'kuyamba kudula motsata utali wake. Ine ndinayesa patebulo la kunyumba ndi pepala lochokera m'kope lakale, ndipo ndinayamba ndikudziseka. Ndinkayembekeza kuti sizasi ikazungulira ndikhala ndi mikombero iwiri, koma chifukwa cha kupotoza kuja, pepalalo lilibe kunja kapena mkati, ndipo sizasi inandibweza pafupi ndi pomwe ndinayambira. Pamenepo Clark akuti usadule polumikiza, koma usankhe kupita kumanja kapena kumanzere kwa mzere umene wadula kale, n'kupitiriza. Ndinasankha kumanzere. Pepala linayamba kutalika ndi kupiringizika pamiyendo panga, njira ya sizasi inkacheperachepera, ndipo ndinapezeka ndikupuma mosamala ngati munthu wolowetsa ulusi pa singano, mpaka pamene pepala linaonda kwambiri moti sizasi sinathenso kudutsa. Chotsala chinali zinyalala zoti n'kukolezera mbaula. Clark ananena yekha kuti ntchitoyo ndi kudulako, osati pepala lotsalalo, ndipo mphindi zimene ndinakhala ndikusankha njira imene sindikanatha kuibwerera sindingazigule kwa wina, ndiponso palibe angandigule.

Ku Brazil komweko nkhaniyi inali ndi mano, chifukwa asilikali analanda boma mu 1964. Hélio Oiticica anasoka zovala zonga mikanjo za nsalu zamitundumitundu, zotchedwa Parangolé, zimene sizinali kanthu mpaka munthu atazivala n'kuvina nazo. Mu 1965 anabwera nazo ku nyumba ya zaluso zamakono ya ku Rio de Janeiro pamodzi ndi ovina samba a ku Mangueira, dera la anthu osauka la m'mapiri a mzindawo, ndipo akuluakulu a nyumbayo anawakaniza kuvinira mkati, moti gule anakachitikira panja. Mu 1970, Cildo Meireles anayamba kulemba mauthenga a ndale pa mabotolo a Coca-Cola opanda kanthu ndi zilembo zoyera zimene sizinkaoneka bwino mpaka botolo litadzazidwanso kufakitale, ndipo mabotolowo ankabwerera m'masitolo. Mtolankhani Vladimir Herzog atafera m'manja mwa asilikali ku São Paulo mu 1975, boma n'kunena kuti wadzipha, Meireles anadinda pa ndalama zapepala funso lofunsa amene anapha Herzog, n'kuzibwezera m'manja mwa anthu. Iye ankalimbikitsa aliyense kuti achite chimodzimodzi. Ndalama palibe amene amaitaya chifukwa chakuti yalembedwa, choncho funsolo linayenda m'matumba a anthu amene sakanayerekeza kulifunsa ndi pakamwa. Pano langizo losavuta linali chitetezo, popeza ntchito imene aliyense angathe kuichita ilibe mwini mmodzi woti apolisi akamugogodere usiku.

Sindikufuna kunamiza owerenga kuti kulowetsa anthu mu ntchito ya luso ndi chinthu chokoma nthawi zonse. Mu Julayi 1964 ku Kyoto, Ono anakhala pansi pa nsanja ataika sizasi patsogolo pake, n'kuitana oonerera kuti azibwera mmodzimmodzi kudzadula kachidutswa ka zovala zake. Ntchitoyi, yotchedwa Cut Piece, anaibwereza ku New York mu 1965, ndipo kanema wa tsikulo akuonetsa anthu oyamba akudula mwaulemu tizidutswa ta m'mphepete, mpaka mwamuna wina atafika n'kuyamba kudula mosasamala zovala zamkati, Ono n'kudzigwira pachifuwa ndi manja awiri. Mu 1974 ku Naples, Marina Abramović anayala patebulo zinthu 72, kuphatikizapo duwa, nthenga, uchi, mpeni, mfuti ndi chipolopolo chimodzi, n'kulemba kuti kwa maola 6 anthu akhoza kumuchita chilichonse ndi zinthuzo ndipo mlandu ukhala wake. Anayamba ndi kumupatsa duwa, kenaka anamung'ambira zovala, anamucheka pakhungu, ndipo wina anaika chipolopolo m'mfuti n'kumulozetsa, mpaka oonerera ena analowererapo. Nthawi itakwana, iye n'kuyamba kuyenda ngati munthu, anthuwo anabalalika osafuna kuyang'anizana naye. Ntchito ziwirizi ndi zowawa, koma ndimaziika pamwamba chifukwa sizinanamize aliyense. Zinapereka ufulu weniweni, ndipo munthu aliyense amene anagwira sizasi kapena mpeni anabwerera kwawo atadziwa chimene dzanja lake limachita likauzidwa kuti palibe womufunsa.

Pali malire amene ine sindiwoloka. Mu 1999 ku Havana, Santiago Sierra wa ku Spain analipira anyamata 6 osowa ntchito madola 30 aliyense kuti aime mondondozana n'kudindidwa pamsana mzere wosafufutika wotalika masentimita 250 kudutsa misana yawo yonse. Omuikira kumbuyo amati iye akuonetsa poyera mmene umphawi umagulitsira thupi la munthu, ndipo ndikumva mfundoyo. Koma anyamatawo sanasankhe kalikonse kupatula kuvomera ndalama, mzere uli pamisana yawo mpaka lero ngati ali moyo, ndipo zithunzi zake zimapachikidwa m'nyumba za zaluso pansi pa dzina la munthu mmodzi. Woonetsa nkhanza pochita nkhanza yomweyo sanatiphunzitse chimene sitinkachidziwa. Langizo likafika pamenepa lasanduka lamulo la bwana kwa waganyu.

Munthu amene amandivutitsa maganizo kwambiri pa nkhaniyi ndi Sol LeWitt, waluso wa ku America, chifukwa iye ndi mmodzi mwa amene anakhazikitsa chiphaso chimene ndikudandaula nacho, komabe ndimalephera kumutsutsa kotheratu. Mu 1967 analemba m'magazini ya Artforum kuti ganizo limasanduka makina opanga luso, ndipo mu 1968 anajambula ntchito yake yoyamba pakhoma penipeni la nyumba ya zaluso ya Paula Cooper ku New York. Posakhalitsa anasiya kujambula yekha n'kumalemba malangizo oti ena azitsatira, ndipo pomwalira mu 2007 anali atasiya zojambula zapakhoma zoposa 1,200. Chimodzi mwa izo, cha nambala 118 cha mu 1971, chimati pakhoma paikidwe madontho 50 mwachisawawa koma omwazikana pakhoma lonse, ndipo dontho lililonse lilumikizidwe ndi lina lililonse ndi mzere woongoka wa pensulo yolimba. Mukawerengera, imeneyo ndi mizere 1,225, yojambulidwa ndi anthu oima pa makwerero kwa masiku, akusongola mapensulo ndi kusamala kuti chikhatho chisafute mzere wa mnzawo. Amene amati luso la malangizo ndi la alesi sanaganizepo za mapewa a anthu amenewa. LeWitt ankavomereza poyera kuti munthu aliyense amajambula mzere mosiyana ndi mnzake ndiponso amamva mawu mosiyana, ankawatcha ojambulawo anzake pa ntchito, ndipo mayina a amene anayamba kujambula ntchito iliyonse amalembedwa m'mabuku a ntchito zake. Ku nyumba ya zaluso ya MASS MoCA, mumzinda wa North Adams m'chigawo cha Massachusetts, zojambula zake 105 zinajambulidwa mu 2008 ndi gulu la anthu 65, aluso ndi ophunzira, iye atamwalira kale, monga mmene kwaya imaimbira nyimbo ya wopeka amene anagona kalekale.

Vuto ndi lakuti khoma silinyamulika, ndipo msika umafuna chinthu chonyamulika. Choncho chimene chimagulitsidwa ndi chiphaso chosainidwa pamodzi ndi chithunzi cha kalozera, ndipo chionetsero chikatha khoma limapakidwa penti yoyera, ntchito n'kubwerera m'pepala. Mu 2012 munthu wina wosonkhanitsa zaluso anasumira nyumba ina yogulitsa zaluso ya ku Chicago chifukwa chotaya chiphaso cha chojambula chimodzi cha LeWitt, ponena kuti popanda pepalalo ntchitoyo singagulitsike. Malangizo ake sanatayike, aliyense akanatha kuwawerenga ndi kuwachita, koma ndalama zinali m'siginecha. Waluso wina, Lawrence Weiner, anali atalengeza kale mu 1968 kuti waluso akhoza kupanga ntchito yekha, ikhoza kupangidwa ndi ena, kapena ikhoza osapangidwa n'komwe, ndipo chisankho chili kwa woilandira. Mawuwo ankamveka ngati kumasula luso m'manja mwa ogula, koma amalonda anawamva mwanjira yawo: ngati chinthu sichifunika kupangidwa, ndiye kuti palibe ndalama zonyamulira, palibe nkhokwe yosungira, palibe chiswe kapena moto woopa, ndipo phindu ndi loyera. Ena anganene kuti waluso naye ayenera kudya, ndipo n'zoona, palibe amene amakhuta kutamandidwa. Sindikutsutsa kugulitsa. Funso langa ndi lakuti, pepala likagulitsidwa, kodi munthu wamba wolowa m'chipindamo watsala ndi chochita chilichonse?

Felix Gonzalez-Torres, wobadwira ku Cuba, anasonyeza kuti yankho likhoza kukhala inde. Mu 1991, chaka chimene wokondedwa wake Ross Laycock anamwalira ndi matenda a Edzi, anapanga ntchito imene ndi mulu wa maswiti okutidwa m'mapepala onyezimira amitundumitundu, wothiridwa pakona ya chipinda. Kulemera kwake koyenera ndi mapaundi 175, pafupifupi makilogalamu 79, ndipo ambiri amakumva ngati kulemera kwa thupi la mwamuna wathanzi. Mlendo aliyense amaloledwa kutola switi. Anthu akamatola, mulu umaphwa, ndipo ife amene tinaona abale athu akutha thupi m'zaka za m'ma 1990, malaya akusanduka aakulu pa munthu yemweyo mwezi ndi mwezi, sitifunika wotimasulira. Kenaka osunga ntchitoyo amathiramo maswiti ena, mulu n'kubwerera. Ntchitoyi ili ndi chiphaso, ili ndi mwini, ndipo imaonetsedwa ku Art Institute of Chicago, koma chimene mwiniyo analandira ndi udindo wogula maswiti oti anthu osawadziwa azidya. Gonzalez-Torres nayenso anamwalira ndi Edzi mu 1996. Munthu woima patsogolo pa muluwo ayenera kusankha kutola kapena kusatola, ndipo akatola, kutsekemera kuli m'kamwa mwake pamene akudziwa chimene wachepetsa. Umenewu ndi mtolo weniweni woikidwa m'manja mwa mlendo, ndipo chiphaso sichinauchotse.

Enanso anayesa kutseka khomo la msika ndi malamulo. Mu 1993, pa malo odyera a Café Select ku Paris, wokonza zionetsero Hans Ulrich Obrist anakambirana ndi aluso awiri, Christian Boltanski ndi Bertrand Lavier, za chionetsero chimene sichingathe, ndipo zotsatira zake zinali chionetsero chotchedwa do it, kutanthauza kuti chitani, chimene chinayamba kuonetsedwa mu 1994 ku Klagenfurt m'dziko la Austria. Aluso amalemba malangizo, mzinda uliwonse umene ukufuna chionetserocho umawachita ndi anthu ake ndi zipangizo zake, ndipo chionetsero chikatha zopangidwazo ziyenera kuphwasulidwa kuti pasakhale chotsala choti wina adzachitche choyambirira n'kuchiika pamtengo. Kuyambira 2002 mpaka 2009, Miranda July ndi Harrell Fletcher anaika pa intaneti ntchito 70 zoti aliyense achite, monga kujambula chithunzi cha kunsi kwa bedi lake, ndipo anthu oposa 8,000 anatumiza zimene anapanga. Ndiyenera kunena kuti pa zinthu zoterezi pamatuluka zambiri zozizira, ndipo nyumba zina za zaluso masiku ano zimakonda malangizo chifukwa ndi otchipa ndiponso amakopa anthu odzijambula ndi foni. Kupatsa mlendo kapepala koti alembepo zofuna za mtima wake n'kukapachika pakhoma nthawi zambiri sikumusiyira chisankho cholemera kuposa kusaina m'buku la alendo. Koma ngakhale chozizira choterocho chimamuyesa mlendo munthu wokhala ndi manja.

Tikabwerera ku nthochi ija, malangizo ake salankhula ndi inu kapena ine. Amalankhula ndi mwini chiphaso ndi antchito ake, ndipo amawauza za kamatidwe ndi kasinthidwe ka chipatso, monga mmene kabuku ka galimoto kamauzira mwini wake nthawi yosintha oyilo. Woonerera ntchito yake ndi kuima pamzere, kujambula chithunzi ndi kudabwa ndi mtengo. Omuteteza Cattelan amati nthabwala yake ndi yomweyo, kuti akuseka msika umene ungalipire chuma chotere pa chipatso, ndipo dzina la ntchitoyo likuchitira umboni. Mwina n'zoona, koma nthabwala imene osekedwawo amaigula mokondwa, n'kuigulitsanso mopindula, yawasangalatsa kuposa kuwaluma. Pamene nthochiyo inaonetsedwa koyamba pa msika wa zaluso wa Art Basel Miami Beach ku America mu Disembala 2019, pamtengo wa madola 120,000, waluso wina dzina lake David Datuna anaimatula n'kuidya anthu akuona. Imeneyo inali mphindi imene munthu wosaitanidwa anachitapo kanthu ndi manja ake, monga mmene Paik anachitira ndi mzere wa Young. Oyang'anira malowo anafotokoza modekha kuti ntchito sinaonongeke chifukwa nthochi si ntchitoyo, anamatapo ina pasanathe nthawi, ndipo anaika zotchinga kuti anthu asayandikirenso khomalo.